Mwana wanga sakutembenuka ndikamuitana, nditani abale?

Membala wobisa dzina: A admin ndibiseni dzina chonde, azilamu anga ali momwe muno. Abale ndithandizeni nzeru, mutu waima. Mwana wanga wamwamuna masiku ano ndikamuitana sakutembenuka mpaka ndimugwire paphewa. Apongozi akuti ndi mwano watengera kwathu. Mawu amenewo anandilasa mumtima, chikhalirecho ndine ndikuwachapira ndi kuwaphikira chibwerereni kuchokera kumudzi, uno ndi mwezi wachitatu. Bambo ake ndikawapempha ya minibasi akuti dikira malipiro, koma yokaonera mpira imapezeka. Ndinapita pa kachipatala kena kolipira, anandidya K15,000, kungondipatsa mankhwala odonthezera osasuzumira n'komwe m'khutumo. Alandilodi nawo akweza lendi. Mnzanga wa kutchalitchi akuti ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kuli anthu oyeza makutu okhaokha. Amatani kumeneko? Amalowetsa zitsulo? Ine mantha.

NaPhiri wa ku Chilomoni: Pepani asisi. Mwanayo ali ndi zaka zingati?

Ankolo a ku Machinjiri: Ndakhala ndikunena m'gulu muno kuti PHOKOSO litimaliza! Kuukwati mwana wa miyezi 6 mwamukhazika pafupi ndi sipika. Kutchalitchi chimodzimodzi, ngati Mulungu ali kutali. M'minibasi za ku Limbe wailesi mpaka mipando kunjenjemera. Phokoso lopitirira ma decibel 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limapha timaselo ta m'kati mwa khutu, ndipo tikafa sitimeranso. Lero mukudabwa chiyani?

Amake Junior: Kkkk asisi mukapeza kumene akuyezako munditengere amuna anga. Nkhani ya fizi samva, koma foni ikalira m'thumba amadzuka ngakhale ali mtulo.

Gogo wa ku Bangwe: Mwana wanga, usamanene apongozi pagulu. Akulu ndi mdambo mozimira moto. Khutulo tenthetsa timafuta pang'ono udonthezere, phula lifewa. Ife tinalera ana 7 choncho.

Namwino wa ku Ginnery Corner: Agogo, ndi ulemu wonse, mafuta ayi. Ngati kachikopa ka m'kati kaja kanabooka, mafutawo alowa mpaka m'kati n'kuyambitsa mafinya. Inu ofunsa, musaike kanthu kalikonse, kaya machesi kaya nthenga. Ndipo tiyankheni, mwanayo ndi wamkulu bwanji? Kayezedwe kamatengera msinkhu.

Gogo wa ku Bangwe: Ana a masiku ano mukangophunzira pang'ono zonse za makolo zasanduka zoipa.

Ankolo a ku Machinjiri: Agogo musakwiye, vuto si mafuta, ndi ma earphone. Mwana wa chaka chimodzi kumupatsa foni kuti asalire! Boma liletse basi.

Bambo wa pachigayo: Ine ndinagwira chigayo zaka 11 ku Ndirande osatseka makutu. Abwana anga sanagulepo chotsekera ngakhale chimodzi, nditayamba kusamva anangondichotsa ntchito. Ku Gulupu ndinapita. Zitsulo kulibe mayi. Anandiunika ndi katochi, kenako anandilowetsa m'kachipinda kotsekeka bwino, mopanda phokoso la kunja, n'kundiveka zomvera kumutu. Ukamva kulira kwa "piii" umadina batani, iwo akulemba pa pepala pamene ukuyambira kumva, khutu lililonse palokha. Mawu oonda ngati a mbalame ndi amene anandithawa. Anathira phala lofewa m'khutu kutenga chikombole kuti kamakina kothandiza kumva kandikwane. Pano adzukulu ndimawamva. Chondivuta ndi mabatire, sachedwa kutha, ndipo nthawi ya mvula chinyezi chimakasokoneza.

Ankolo a ku Machinjiri: Mwamva? PHOKOSO! Ndimanena chiyani ine?

NaPhiri wa ku Chilomoni: Ankolo, mwana wa eni ake sagwira chigayo. Tapumani kaye ena alankhule.

Ankolo a ku Machinjiri: Mwadziwa bwanji kuti sakhala pafupi ndi chigayo kapena bawa? Ku Chirimba ndi ku Mbayani anthu amagona usiku? Ine ndinakadandaula za bawa ya kwathu katatu konse, palibe chinachitika. BP yanga inayambira pomwepo.

Namwino wa ku Ginnery Corner: Ndifotokoze pang'ono poti ndemanga zanga zikukwiririka. Oyeza makutuwo amatchedwa ma audiologist. Sachita opaleshoni, imeneyo ndi ya madokotala a ENT, a makutu, mphuno ndi kukhosi, koma amagwira limodzi. Kiliniki yawo ku Gulupu inatsegulidwa mu 2016 mothandizidwa ndi bungwe la ku UK la Sound Seekers. Akhanda amawaika kachipangizo kofewa pakhomo pa khutu, makina amadziwerengera okha ngati m'kati mukuyankha, mphindi zochepa basi. Kuyeza kwina amamata timawaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu mwana ali mtulo, kuona ngati mawu akuyenda mumtsempha wopita ku ubongo. Wokulirapo amamuyeza ngati masewera, akamva kulira amaponya kachidole m'ndowa. Palinso koyeza ngati kuseri kwa kachikopa kuja kwadzaza madzi, zimene zimachitika kwambiri kwa ana pambuyo pa chimfine, ndipo zimachizika. Palibe chopweteka. Gulupu ndi chipatala chophunzitsira cha yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, musadabwe mukapeza ophunzira m'chipindamo. Yambirani ku health centre ya kwanu akulembereni kalata, ndipo buku la kuchipatala la mwana musaliiwale, muli mbiri yonse.

Amake Chisomo: Ndikulemba misozi ili m'maso. Wanga tinachedwa naye, tinazungulira kwa asing'anga ndi m'mapiri mopemphera zaka 3, achibale akuti ndinamukhwimira ndine. Titamuyezetsa anati makutu onse awiri samva. Pano ali ku sukulu ya ana osamva ku Nguludi, amalemba bwino kuposa akulu ake, ndipo ine ndaphunzira chinenero chamanja kuti tizicheza. Chimandiwawa ndi zaka zitatu zija, mwana ankalira ine osadziwa chimene akufuna. Pitani mawa lomwe asisi, ya minibasi kongolani.

Mtumiki wa ku Zingwangwa: Mapiri musawanyoze mayi. Mubwere naye Lachisanu.

Amake Chisomo: Sindinanyoze abusa, ndimapemphera mpaka lero. Koma kuchipatala apite.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Agogo sindikunyoza apongozi, koma dzulo lomweli anauza aneba kuti sinditha kulera. Ankolo kwathu kulibe bawa, foni sindimupatsanso. Chitulukireni m'chipatala muja ndimamusamala ngati dzira, ndiye wina azinditi wosasamala?

Namwino wa ku Ginnery Corner: Dikirani mayi. Anagonekedwa? Liti, ndipo ankadwala chiyani? Matenda oumitsa khosi ndi malungo aakulu amatha kuwononga kumva, majakisoni ena ngati gentamicin ndi kwinini nawonso. Ngati anali oumitsa khosi musadikire malipiro, kachiwalo ka m'kati kooneka ngati nkhono kamatha kuyamba kuuma ngati fupa pakangopita masabata. Taonani m'bukumo mutiuze analemba chiyani.

Ankolo a ku Machinjiri: Bawa kulibe, nanga tchalitchi chanu chili ndi masipika angati?

NaPhiri wa ku Chilomoni: Asisi, yankhani anamwinowo. Ndi zaka za mwana simunatiuzebe.