Kukonzetsa nyumba yachikale ku Chipoka: ndiwerengere bwanji ndalama?

Abale, bambo anatisiyira nyumba ya zipinda zitatu ku Chipoka, yanjerwa zootcha. Malata achita dzimbiri, mapaso adyedwa ndi chiswe, ndipo khoma lakuchipinda lili ndi mng'alu wolowa chala. Sindikufuna igwe. Ndiyambire pati kuwerengera?

Mmisiri wa pa Kamuzu Road: Achimwene, musayambe mwafunsa mtengo wa malata. Kumbani kaye m'mbali mwa maziko. Dothi lamakande limafufuma dzinja n'kung'ambika chilimwe, ndiye ngati mng'aluwo wachokera pansi, pulasitala ndi kutaya simenti chabe. Matani simenti pang'ono pamng'alupo, mudikire mwezi. Ikasweka, khoma likuyendabe, ndipo ndalama zambiri zithera pamenepo. Mmisiri akulembereni zipangizo padera, malipiro ake padera.

Mayi wa ku Senga Bay: Ife titasasula denga tinapeza mitanda yonse yafumbwa mkati, kunja ikuoneka yabwinobwino. Gogodani thabwa lililonse ndi hamala. Matabwa atsopanowo apakeni Solignum, mankhwala oteteza matabwa ku chiswe.

Wa ku Lifuwu: Musaiwale thiransipoti ndi otunga madzi. Denga likhale litatha mvula ya Disembala isanayambe.