Zimene zachitika pa funso langa la mabuku a mwana wa giredi 2

Mwezi watha ndinafunsa za mmene ndingasankhire buku loyenera mwana wanga wamkazi wa giredi 2, amene ankatsegula mabuku amene ndinkamugulira kuno ku Chipata n'kuwasiya asanafike ngakhale patsamba lachitatu. Ena mwa inu munandilangiza kuti ndisanagule buku, mwanayo aziwerenga tsamba limodzi mokweza, ine n'kumapinda chala pa liwu lililonse limene lamuvuta. Nditayesa, ndinazindikira kuti cholakwa chinali changa, chifukwa ndinkasankha mabuku a Chingerezi a zilembo zing'onozing'ono poganiza kuti buku lovuta ndilo limaphunzitsa msanga, chonsecho zala zisanu zinkatha asanafike pakati pa tsamba. Tsopano ndimatenga buku limene amapunthwa pa mawu awiri kapena atatu okha, makamaka la Chinyanja, lokhala ndi zithunzi ndi ziganizo zifupizifupi.

Panachitikanso china chimene sindinachiyembekezere. Buku limene azakhali ake anabwera nalo kuchokera ku Mchinji linalemba kuti "chakudya", pamene la kusukulu kwake limalemba kuti "cakudya", ndipo mwanayo anaima n'kundifunsa ngati ndi mawu awiri osiyana. Nditamufotokozera kuti katchulidwe kake n'kamodzi, anapitiriza mpaka kumaliza nthano yonse.