Katemera wa COVID-19 ku Likoma ndi Chizumulu: tiyendetse bwanji ntchito, nanga opanda khadi tiwaletse kukwera sitima?

Namwino wa pachilumba, Ogasiti 2021

Akuluakulu anzanga a zakatemera, ndikupempha nzeru zanu pa nkhani ziwiri zimene zakolana kuno ku Likoma. Monga mukudziwa, katemera wa AstraZeneca wokwana 360,000 amene anafika m'dziko muno pa 5 Malichi kudzera mu ndondomeko ya COVAX yogawira mayiko katemera, pamodzi ndi wina amene anabwera pambuyo pake, anatha m'mwezi wa Juni, pa nthawi imene anthu ambiri amene anabayitsa koyamba ankayembekezera kubayitsa kachiwiri. Tsopano AstraZeneca wabweranso ndipo Johnson & Johnson wafika, koma ife sitili ngati anzathu a kumtunda amene amatumiza galimoto ku nkhokwe lero mawa n'kulandira katundu. Chochokera ku Nkhata Bay timachidikira pa sitima ya Ilala, imene imatsika kuchokera kumpoto kamodzi pa sabata, ndipo nyengo ino ya mwera maboti ang'onoang'ono sitingawadalire. Boma lathu lili ndi anthu 14,527 malinga ndi kalembera wa 2018, okhala pa zilumba ziwiri, ndipo ambiri mwa amene tinawabaya koyamba ndi asodzi ndi ochita malonda amene sakhala pamalo amodzi.

Nkhani yachiwiri ndi yakuti atsogoleri ena a m'midzi akufuna kuti aliyense wopanda khadi la katemera asamaloledwe kutsika kapena kukwera sitima, ndipo akuyembekezera kuti ife azaumoyo ndi amene tikaimirire padoko n'kumabweza anthu. Kodi tiitanitse katemera wamtundu uti ndi wochuluka bwanji, tiyende naye motani, ndipo atsogoleriwa tiwayankhe kuti chiyani?

Woyang'anira mafiriji a katemera

Mayi, ndiyankhe za ulendo, popeza ndiko kumene katemera amawonongekera anthu osadziwa. Mitundu yonse iwiri imafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo choopsa kwambiri pa ulendo wa panyanja ndi kuundana, ngakhale kuti ambiri timaopa kutentha kokha. Munthu akamva kuti sitima ikhoza kuchedwa amadzaza bokosi ndi mapaketi a madzi oundana ongochotsa kumene mufiriji, kenaka timabotolo timene tagunda paketiyo timaundana, ndipo AstraZeneca akaundana watha ntchito. Mapaketiwo ayambe ayalidwa patebulo mpaka madzi ayambe kumveka akukhuthuka m'kati mukawagwedeza, ndiye muwapukute n'kuwaika, timabotolo tili m'makatoni ake. Musayese kutsimikiza ngati katemera waundana pogwedeza botolo monga timachitira ndi wa kafumbata kapena pentavalent (wa ana, woteteza ku matenda asanu), chifukwa njira imeneyo sigwira ntchito pa katemera ameneyu. Umboni wanu ndi kachipangizo kolemba kazizidwe kamene mwaika m'bokosimo.

Pemphani bokosi lalikulu la ulendo wautali, limene pa muyezo wa bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limasunga kuzizira kwa maola osachepera 96 likapanda kutsegulidwa. Tonyamulira ta m'manja tija tisungireni ntchito ya tsiku limodzi m'midzi. Bokosilo lisaikidwe pamodzi ndi matumba a chimanga ndi simenti m'chipinda cha katundu, koma likhale pamthunzi, kutali ndi injini, ndipo pakhale wazaumoyo mmodzi woliperekeza kuchokera ku Nkhata Bay mpaka litalowa mufiriji. Malo ovuta kwenikweni ndi potsika, chifukwa sitima imaima patali ndi gombe ndipo anthu ndi katundu amatsikira m'maboti mothinana, nthawi zina usiku. Gwirizanani ndi oyendetsa sitima ulendo usanayambe kuti bokosi lidzatsike pa boti loyamba, ndipo pagombe pakhale munthu wolidikira. Popeza sitima yochokera ku Nkhata Bay imayamba yaima pa Chizumulu, gawo la Chizumulu lipakidwe m'bokosi lakelake kuti pasadzakhale chifukwa chotsegulira la ku Likoma pakati pa nyanja.

Za Johnson & Johnson, amene wafika kwa inu atasungunuka kale asabwezedwenso kumalo oundana, ndipo onetsetsani tsiku latsopano lothera ntchito limene lalembedwa pa katoni pambuyo pomusungunula, chifukwa ndilo lolamulira.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'mbali mwa nyanja

Ndikuthokoza bambo a mafiriji, koma ine ndikuona kuti vuto lalikulu la mayiwa lidzayamba bokosi likafika. Botolo la AstraZeneca lili ndi katemera wa anthu khumi, la Johnson & Johnson wa anthu asanu, ndipo lililonse likatsegulidwa liyenera kutha m'maola asanu ndi limodzi. Kumudzi kwa asodzi kusonkhanitsa anthu khumi amene onse akudikira katemera wachiwiri si ntchito yapafupi. N'chifukwa chake ndikuti gawani anthu anu pawiri. AstraZeneca asungidwire amene ali kale m'kaundula, ndipo muitanitse powerenga mayina a m'kaundulamo, osati chiwerengero cha boma lonse. Mwachitsanzo, ngati m'dera lina muli mayina 47, ndiye kuti ndi timabotolo tisanu, ndipo alangizi a zaumoyo ayambe ayenda khomo ndi khomo kupereka masiku m'magulu a anthu khumikhumi botolo lisanatsegulidwe. Johnson & Johnson, amene amabayidwa kamodzi kokha, apite kwa asodzi, ogula usipa ndi onse amene simukudziwa ngati mudzawaonanso pakatha milungu khumi ndi iwiri, nthawi yobayira AstraZeneca wachiwiri.

Asodzi musawasake m'mawa pamene angochoka panyanja, ali otopa ndipo maso awo ali pa mtengo wa usipa. Chimene amaopa kwambiri, kuposa mphekesera za pa WhatsApp, ndi kuphwanya m'thupi ndi kutentha kumene kumabwera kwa tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa zikutanthauza kutaya usiku wa ntchito. Koma usipa amaukopa ndi nyali, ndipo mwezi ukawala kwambiri nyalizo sizikoka nsomba, kotero zilimira zambiri (maukonde ophera usipa ndi mabwato ake) zimakhala pamtunda, anthu akusoka maukonde pansi pa mitengo. Mwezi udzakhala wathunthu pa 22 Ogasiti, ndipo masiku ozungulira pamenepo ndiwo oyenera kupita kumagombe. Tsiku limene mwera wakula n'kuletsa mabwato kulowa m'madzi ndi labwinonso. Dzerani kwa a komiti ya pagombe ndi eni zilimira, chifukwa mwini chilimira akabayitsa pamaso pa anyamata ake, botolo la anthu asanu limatha musanakhale pansi.

Namwino wa pachilumba

Zikomo kwambiri nonse awiri. Nanga amene papita milungu yoposa khumi ndi iwiri chibayitsireni, tiwayambitsenso? Ena akufunsanso ngati angamalizire ndi Johnson & Johnson.

Dokotala wa kumtunda

Musawayambitsenso, mayi. Katemera wachiwiri akachedwa amangoperekedwa pa mpata woyamba umene wapezeka, ndipo AstraZeneca wopangidwa ku India amene tinayamba naye ndi wofanana ndi amene akuchokera ku Ulaya tsopano. Zosakaniza mitundu musazichite pa nokha popanda chilolezo cholembedwa chochokera ku Unduna wa Zaumoyo.

Pa nkhani ya sitima ndikufuna kulankhula mosapita m'mbali. Ife azaumoyo tilibe mphamvu zoletsa Mmalawi kuyenda m'dziko lake chifukwa chosowa khadi, pamene katemerayu boma likunena kuti munthu abayitse mwa kufuna kwake. Malamulo a mliriwu amachokera kwa nduna pansi pa lamulo la zaumoyo wa anthu, ndipo tonse tikukumbukira kuti ngakhale m'bindikiro wa masiku 21 umene boma lenilenilo linalengeza kuti uyambe pa 18 Epulo 2020 unaimitsidwa ndi Khoti Lalikulu usanayambe n'komwe. Kuwonjezera apo, anthu ambiri alibe katemera wachiwiri chifukwa choti katemerayo kunalibe, ndiye kuwabweza padoko kungakhale kuwalanga pa mlandu umene sanapalamule.

Taganiziraninso za kumene zilumbazi zili. Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo gombe la Cobué likuonekera tsidya lina. Anthu amawoloka ndi mabwato kukagula nkhuni ndi chakudya, kukaona abale, ndipo a tsidyalo amabwera kudzafuna chithandizo ku chipatala cha St Peter's. Mukatseka sitima, imene ili ndi malo amodzi otsikira pamene mungaone aliyense, anthu sasiya kuyenda, koma amakwera maboti odzaza mopitirira muyezo m'nyengo ya mwera, n'kukatsikira pa magombe pamene palibe wowalemba. Ndipo sitima yomweyo ndi imene imabweretsa ufa, mankhwala ndi katemera amene tikukambiranayu, n'kutenga odwala otumizidwa kumtunda.

Wazaumoyo wa padoko

Ndikugwirizana ndi adokotala, komabe atsogoleriwo musangowakaniza n'kuwasiya chimanjamanja, chifukwa mantha awo ali ndi maziko: pachilumba wodwala akafuna mpweya wochuluka, kumusamutsa n'kovuta. Apatseni ntchito imene lamulo likulola. Tsiku la sitima pakhale tebulo pagombe, ndowa ya madzi ndi sopo, aliyense avale chotchinga pakamwa ndi pamphuno, otsika alembedwe mayina, mudzi ndi nambala ya foni, ndipo amene ali ndi zizindikiro ayezedwe pomwepo. Anthu amadikira sitima kwa maola ambiri, choncho tebulo lomwelo likhale lobayira Johnson & Johnson kwa amene afuna, malinga ngati pali nthawi yowayang'anira kwa mphindi zosachepera 15 ndipo mankhwala a adrenaline, othandizira munthu amene thupi lake ladana kwambiri ndi katemera, ali pafupi. Sitima ikangoonekera ndipo anthu ayamba kunyamula katundu, musatsegulenso botolo lina.

Chenjezo langa ndi la kuitanitsa mopitirira. Tonse tinaona katemera 19,610 akutenthedwa ku Lilongwe pa 19 Meyi atapitirira tsiku lake, ndipo pachilumba katemera wotsala sungamubweze msanga kuti akathandize boma lina. Ndi bwino kuitanitsa pang'onopang'ono, wokwana milungu iwiri kapena itatu, kuti sitima ikaphonya ulendo umodzi ntchito isaime.

Namwino wa pachilumba

Ndamva, akuluakulu. Sabata ino alangizi ayamba kutsata mayina a m'kaundula mudzi ndi mudzi, ndipo pempho la AstraZeneca lidzachokera pa mayina amene tawapeza kuti alipodi pachilumba. Mabokosi adzakhala awiri monga mwalangizira, ndipo maganizo a tebulo la pagombe ndikawatula ku komiti ya boma lathu yoona za mliriwu, atsogoleri aja ali pomwepo. Bambo a mafiriji, chonde nditumizireni fomu imene woperekeza bokosi amalembapo kazizidwe ponyamuka ndi pofika, kuti isindikizidwe sitima isananyamuke ku Nkhata Bay.