Zimene ndapeza pa funso langa la mpunga wopsa m'nthaka ya mchere

Mwezi wathawu ndinafunsa chifukwa chimene mpunga wanga wa kilombero kuno ku Lifuwu, m'boma la Salima, ukupsa nsonga za masamba pa ndime imene nthaka imachita mbuu madzi akaphwa, pamene udzu wina womera pomwepo uli wobiriwira. Ambiri munati ndi mchere, ndipo munalondola, koma ine ndinkafuna kudziwa chimene chimasiyanitsa zomerazo.

Yankho lagona pa kachikopa kopyapyala kokuta selo iliyonse (maselo ndi tizipinda ting'onoting'ono topanga thupi la chomera), komwe kali ndi mapuloteni ogwira ntchito ngati alonda a pachipata. Puloteni yotchedwa SOS1 imatulutsa sodiyamu (gawo la mchere) amene walowa m'muzu n'kumubwezera kunthaka, pamene NHX1, yomwe ili pa kachikopa ka kathumba ka mkati mwa selo, imamutsekera m'kathumbako kuti asasokoneze ntchito zina. Imene yandigwira mtima ndi HKT1;5, chifukwa iyo imatsomphola sodiyamu m'timitsempha tokweza madzi asanafike kumasamba, kumene akachuluka amalanda malo a potaziyamu, yemwe mbewu imamufuna kuti ikule bwino, tsamba n'kuyamba kupsa monga ndinaonera. Chomera chimene alonda akewa amagwira bwino ntchito chimapirira mchere, koma ntchito yonseyi imadya mphamvu za mbewu, n'chifukwa chake ngakhale phata lopirira silibereka mokwanira.

Mpunga wa ku India wotchedwa Pokkali umadziwika ndi kupirira kotere, ndipo akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines akhala akuukwatitsa ndi mitundu ina. Kunena zoona, kilombero sindingamusiye chifukwa cha fungo lake, choncho ndayamba ndi kukumba ngalande kumunsi kwa ndimeyo kuti madzi abwino azitsuka mcherewo m'malo mouma pomwepo.