Chamba cha mankhwala: ndani amaloledwa kulemberedwa?

WakuNgabu:
Akuluakulu, ndamva kuti boma la Texas ku America lawonjezera matenda amene munthu angalandirire chamba cha mankhwala. Nanga kuno kwathu, popeza lamulo linadutsa kale, wodwala khunyu kapena khansa wa ku Chikwawa kapena Nsanje angachipeze bwanji? Kodi dokotala aliyense angalembe?

Phiri_Nchalo:
Achimwene, za ku America ndi za kuno n'zosiyana. Kumeneko chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake. California inayamba mu 1996. Texas inayamba mu 2015 ndi khunyu losamva mankhwala lokha, mu 2021 anawonjezera khansa yamtundu uliwonse ndi PTSD (vuto la maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa), ndipo mu 2025 anaikapo ululu wosatha. Oklahoma ilibe n'komwe mndandanda wa matenda, dokotala ndiye amaona.

Kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza Cannabis Regulation Act mu February 2020, n'kukhazikitsa Cannabis Regulatory Authority. Koma lamulolo mtima wake uli pa ziphaso: kulima, kukonza, kusunga, kugulitsa kunja, kufufuza. Silinapatse wodwala ufulu wodzala kuseri kwa nyumba kapena kugula kwa mnyamata wa pamsika. Mukapezeka nacho popanda chiphaso, lamulo loletsa mankhwala ozunguza bongo la Dangerous Drugs Act likadalipo ndithu. Chipatala nachonso chimafunika chiphaso, ndipo mankhwalawo ayenera kudutsa ku PMRA, bungwe loona za mankhwala m'dziko muno, ngati ena onse.

Mayi_Namwino:
Ndionjezere pa khunyu, pakuti apa ndi pamene makolo amanamizidwa kwambiri. Mankhwala amene anayesedwa bwino ndi mafuta a CBD (chinthu chopezeka mu chamba chimene sichiledzeretsa) otchedwa Epidiolex, amene FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inavomereza mu 2018 pa mitundu iwiri yosowa ya khunyu, Dravet ndi Lennox-Gastaut. Si khunyu lililonse ayi. Mafutawo ali ndi 100 mg mu mililita imodzi. Amayamba ndi 2.5 mg pa kilogalamu kawiri patsiku, pakatha sabata amakweza kufika 5 mg. Mwana wa makilogalamu 20 ndiye kuti theka la mililita m'mawa ndi madzulo, kenako mililita yathunthu. Muyezo woterewu simungaupeze powiritsa masamba mumphika. Chamba chathu chili ndi THC wambiri, CBD wochepa, ndipo THC ndi amene amasokoneza mutu.

Zovuta zake: mwana akamamwa mankhwala a khunyu a sodium valproate pamodzi ndi CBD chiwindi chimatha kupwetekeka, choncho magazi ayezedwe asanayambe, kenako pa mwezi woyamba, wachitatu ndi wachisanu n'chimodzi. Carbamazepine wa khunyu ndi rifampicin wa TB amafulumizitsa chiwindi kuchotsa CBD m'thupi, mphamvu yake n'kuchepa. Choopsa koposa n'kusiyitsa mwana mankhwala a khunyu a phenobarbitone mwadzidzidzi poti mwapeza "mankhwala achilengedwe". Akhoza kukomoka mosalekeza, ndipo ena amafa nako.

Njira yake ndi yomwe ija: kuyamba pachipatala chaching'ono, kalata yopita ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena Nsanje, zikakanika akutumizeni ku Queens. Ambiri amene amati mankhwala sakugwira, vuto limakhala kudumphitsa masiku kapena muyezo umene sunakwezedwe mwana atakula.

Alufandika_Bangula:
Musaiwale kutentha kwa kuno kuchigwa. Epidiolex amafuna madigiri 20 mpaka 25, ndipo botolo likatsegulidwa ligwiritsidwe ntchito pasanathe masabata 12. Makapisozi a dronabinol, okhala ndi THC, amene amapatsa odwala khansa akamasanza chifukwa cha mankhwala a khansa (chemotherapy), amafuna malo ozizira kapena firiji. Mwezi wa October kuno timapyola 40, m'nyumba ya malata musanene.

Pa ululu wa khansa, a WakuNgabu, funsani kaye morphine wamadzi ku gawo la chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika. Ku Queens kuli Tiyanjane. Umboni woti morphine amachotsa ululu waukulu ndi wolimba kuposa wa chamba. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ndi aliyense amene kubanja kwawo kuli matenda a misala, THC asamuyandikire.

WakuNgabu:
Zikomo nonse. Mayi Namwino, magazi a chiwindiwo amayeza pachipatala cha boma pompano, kapena mpaka ku Blantyre?