Kusiya PhD pakati pa pulogalamu ya MD-PhD ku America

Wofunsa: Odziwa za maphunziro a udokotala ku America, thandizeni. Munthu ali mu pulogalamu ya MD-PhD (yophatikiza udokotala, MD, ndi digiri ya kafukufuku, PhD), wamaliza zaka 2 zoyamba za MD, walemba Step 1 (gawo loyamba la mayeso opezera chiphaso cha udokotala), pano ali chaka chachitatu mu labu. Akasiya kafukufuku n'kubwerera ku udokotala wokha, amabweza ndalama zonse zimene anamulipirira? Nanga mbiri yake imaonongeka?

Woyankha woyamba: Yambani ndi kalata imene munasaina polowa, yankho lili momwemo. Ngati mumalipiridwa ndi MSTP (pulogalamu yolipirira a MD-PhD) ya NIH (bungwe la boma loona za kafukufuku wa zaumoyo), boma silikuuzani kuti mubweze, chifukwa lamulo lobweza limakhudza a postdoc okha (ofufuza amene anatenga kale digiri ya PhD kapena MD). Koma sukulu zina zolipira ndi ndalama zawo zimalemba kuti wosiya abweze fizi ya zaka zoyambazo. Mulimonsemo, mukangotuluka, ndalama ya pamwezi imaima ndipo fizi ya zaka 2 za m'chipatala imagwera inuyo. Amene ali pa viza ya F-1 (ya ophunzira ochokera kunja) asamale kwambiri: sangatenge ngongole ya boma, komanso I-20 yake (chikalata cha sukulu choyendera limodzi ndi vizayo) iyenera kukonzedwanso asanasinthe pulogalamu.

Woyankha wachiwiri: Chimene ambiri amaiwala ndi nthawi. Mabungwe ambiri opereka ziphaso za udokotala m'ma state amafuna kuti Step 1, 2 ndi 3 zithe m'zaka 7 kuchokera pamene munakhoza mayeso oyamba. Ena amawonjezerako nthawi kwa a MD-PhD, koma wopanda PhD asadalire chifundo chimenecho. Tawerengani: zaka 3 mu labu, 2 m'chipatala, Step 3 m'chaka choyamba cha residency (maphunziro a pa ntchito mukamaliza MD). Zakwana 6 kale. Mukaphonya tsiku loyambira ma clerkship (maphunziro a m'chipatala aja) n'kudikira gulu lotsatira, mpata wonse watha. Choncho funsani ofesi ya ophunzira tsiku limenelo miyezi ingapo lisanafike, kenako muzikonza zonse mobwerera m'mbuyo.

Za mbiri, zaka za mu labuzo zidzaoneka mu MSPE (kalata imene sukulu imakulemberani pofunsira residency), sizibisika. Ngati munakhoza mayeso a qualifying (a pakati pa PhD), pemphani digiri ya Master's. Sukulu zambiri zimapereka, ndipo pa intaviyu mumakhala ndi chosonyeza m'manja.

Woyankha wachitatu: Ine ndifunse kaye: chakutopetsani ndi kafukufuku kapena labuyo? Zimenezi n'zosiyana. Ngati vuto ndi woyang'anira kapena pulojekiti yokana kuyenda, kusintha labu n'kotheka, ndipo tchuthi chovomerezeka chiliponso. Kaonaneni ndi mkulu wa pulogalamu musanauze mwini labu, poti mkulu wa pulogalamuyo ndiye amadziwa njira zonsezi.

Mukatsimikiza zochoka, musangozimiririka. Mabuku a mu labu ndi data si zanu, ndi za yunivesite. Lembani bwino bokosi lililonse la mufiriji ya -80, muonetse wotsala pomwe pali ma sampulo ndi ma protocol, ndipo mugwirizane pa imelo malo a dzina lanu pa pepala lomwe lidzatuluke. Ngati muli ndi F30 (grant ya NIH yoperekedwa kwa wophunzira), uzani ofesi yoona za ma grant msanga kuti aitseke mwadongosolo ku NIH.