Jet ski pena ikulira pena ikukana, ndiyambire pati?

kamphepo_4tec:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi jet ski (njinga yamoto ya pamadzi) ya mtundu wa Sea-Doo, ya four stroke, vuto lake ikumasankha nthawi yolira. Pena ndikangodina batani ikumalira pompo, pena ikumangoti "tiki" kamodzi basi sitata osazungulira, ndikadikira pang'ono nkuyesanso mwina ilira mwina ayi. Ikalira ikumathamanga bwinobwino, siikuzima yokha. Batire ndatchaja, mita ikuonetsa 12.6V. Chikundidetsa nkhawa nchoti ndikadzaizimitsa pakati pamadzi nkukana ndiye ndibwerera bwanji kumtunda.

sipanala10:
Akulu, 12.6 imeneyo ndi ya batire likupuma, sikuuzani zambiri. Ikani mita pa batire, wina adine batani inu maso pa manambala. Akatsika pansi pa 10V ndiye kuti batire latopa mkati ngakhale likumadzadza pa tchaja. Koma akangokhala cha pa 12 pomwepo sitata ili zii, ndiye kuti moto sukufika kusitata ndipo apa ine ndimayamba kukaikira mawaya. M'kati mwa jet ski mumakhala chinyezi nthawi zonse kuphatikizapo kugwedezeka pamafunde, ndiye materminal amamasuka komanso amachita dzimbiri lobiriwira lija, lero akhudzana bwino mawa ayi, nchifukwa chake vuto limabwera nkumapita. Masulani onse awiri (yambani wa negative), palani ndi sandipepa mpaka awale, mangani zolimba mupake girizi wa dielectric (woteteza materminal kuchinyezi). Musaiwale kumapeto kwina kwa waya wakuda komwe wamangidwa pa injini, anthu ambiri amapukuta pa batire pokha earth nkuisiya. Waya ukamauma gwa mukaupinda, waola mkati mwa pulasitiki, ungosinthani.

mafunde_akulu:
Onaninso kiyi achimwene. Ma Sea-Doo ambiri ali ndi DESS (chitetezo chozindikira kiyi), kiyi wa pachingwe uja ali ndi chip mkati, mukamulowetsa pamayenera kumveka kulira kufupi kawiri. Mukalowa mchenga kapena mchere kompyuta siimuzindikira. Tsukani kiyi ndi pomulowetsa pomwe ndi madzi abwino, muumitse.

kamphepo_4tec:
Zikomo nonse. Kiyi akumalira kawiri nthawi zonse ngakhale pomwe ikukana. Materminal ndapala, earth yapa injini inalidi ndi dzimbiri ndayeretsa. Yakananso madzulo ano ndipo ndinali ndi mita pafupi, podina batani yangotsika kufika 12.3 basi, "tiki" uja ali pomwepo.

makaniko_wapamadzi:
Apa mwatipatsa chogwira bwana. Kiyi musiyeni, akanakhala iyeyo ngakhale "tiki" simukanamumva. Batire nalonso lilibe mlandu poti silikugwa, palibe chikukoka moto. Chatsala ndi solenoid (swichi yotumiza moto wa batire kusitata) kapena sitata yeniyeniyo, ndipo ine ndikuloza solenoid. "Tiki" ameneyo ndi koyilo yake ikukoka, koma timakopa ta mkati tikapsa timakhudzana osadutsitsa moto, pena tigwira pamalo abwino ndiye injini nkulira.

Muyeze nthawi yomwe ikukanayo, ikamalira bwino simupeza kanthu. Solenoid ili ndi mabawuti awiri akuluakulu, lina lochokera kubatire lina lopita kusitata. Waya wakuda wa mita pa negative ya batire, wofiira pa bawuti lopita kusitata, wina adine. Mukaona 0 kapena manambala ochepa kwambiri, solenoid yatha, sinthani. Mukaona 12V yonse koma sitata osayenda, yezaninso pa bawuti la sitata lenilenilo, ikafikanso pamenepo ndiye mabulashi a sitata adyeka kapena earth ikadali yosagwira.

Chonde chonde musalumikize mabawuti awiriwo ndi sikuludiraiva ngati momwe ena amachitira pa galimoto. Jet ski ndi yotsekeka, mpweya wa petulo umakhazikika pansi mkatimo ndipo kamoto kamodzi nkokwanira kuphulitsa. Chotsani mpando kaye mupite mphepo, mukamva fungo la petulo musayese chilichonse mpaka mupeze pomwe akudontha. Musajampenso ndi galimoto yoti injini ikulira, mungawononge kompyuta.

Tsiku lina mukadzamva sitata ikuyamba kuzungulira kenako nkuima mwamphamvu, imeneyo ndi nkhani ina, musakakamize. Mwina mwala kapena chingwe chakola impeller (chozungulira chokankha madzi chija), kapena madzi alowa m'masilinda, zikatero mumachotsa mapulagi kaye. Koma ndi 12.3 yanuyo sindikuganiza kuti ndi zimenezo, injini ikanakhala yomangika batire likanagwa kwambiri. Pamadzi musapite kutali mpaka mutayeza, mutiuze manambala a pa solenoid.